Loweruka ku Chongoni: kuzizidwa, mbalame ndi mkangano wa denga

Ndikulemba izi ndili m'bulangete, ndipo netiweki kuno imagwira pokhapokha ukakaima pachulu kuseri kwa khola, nde kaya muziwerenga liti.

Ndinafika dzulo madzulo. Minibasi yochokera ku Lilongwe inanditsitsa pa M1 tisanalowe pa boma la Dedza, kenako njinga yamoto ya kabaza mu msewu wafumbi wolowera ku Chongoni. Malume chipumireni pantchito amanga tinyumba tiwiri kumapeto kwa munda wawo, kufupi ndi malire a nkhalango, toti alendo okonda zakutchire azigonamo. Kamodzi ndi kozungulira, kadothi, denga la udzu, pansi pozira bwinobwino. Kenako ndi ka zigwagwa za paini zija amazitaya ocheka matabwa, anakakweza pamiyala kuopa chiswe, kakhonde kake kakuyang'ana kuphiri. Anandiitana kuti ndidzagonemo ngati mlendo kenako ndiwauze chilungamo. Ine ndinasankha ka zigwagwa, ndipo abale kuzizira kwa June ku Dedza si nkhani yongomva kwa anthu. Tawuni yokhayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika 2,198, nde mphepo ikamatsika usiku imachita kulowa m'mipata ya zigwagwamo mwaufulu, ndagona ndi juzi, jekete, masokosi, chipewa kumutu koma mphuno yokha inali ya eni ake.

Isanakwane 5 koloko msuweni wanga anagogoda. "Msuweni dzuka iwe, mbalame sizidikira mabwana a m'tawuni." Mnyamata ameneyu tikukula legeni siinkachoka m'khosi mwake, ulimbo ankadziwa kuphika yekha, ndipo ndiwo zambiri za mpheta zomwe tinadya pa holide zinali za iyeyu. Lero ndi amene akuperekeza alendo kukaona mbalame zomwezo, zamoyo.

Kamsasa koonera mbalameko kali kumunsi, pomwe kamtsinje kochokera m'phiri kamapanga kadziwe kasanalowe m'dambo. Anamanga yekha ndi nsungwi ndi tsekera, ukakaonera patali ungati ndi msasa uja timalonderamo anyani chimanga chikamakhwima. Koma kali ndi nzeru zake. Kutsogolo anasiya kampata kopingasa, kopapatiza, kolingana ndi maso a munthu amene wakhala pa benchi. Kumbuyo anatseka konse mpaka pakhomo anapachikapo chiguduli, akuti kuwala kukamalowa kumsana kwako mbalame imaona mthunzi wa mutu wako ukusuntha pakampata paja, basi yapita. Kanjira kofikira anakatchinga ndi mpanda wa udzu uku ndi uku. Ndipo kamsasako kanafulatira kum'mawa dala, kuti dzuwa likamatuluka liziwalira mbalamezo osati kukuthobwa iweyo m'maso. Nyengo ino mvula inasiya kale, madzi ayamba kuchepa m'tchire, nde mbalame zimabwera zokha pakadziwepo, iwe ntchito yako ndi kukhala phee basi, zomwe kwa ine ndi chilango chifukwa mano anali akugundana.

Oyamba kufika anali apumbwa ndi phokoso lawo lija, kenako njiwa ziwiriziwiri, kenako gulu la timpheta tomwe timatera tonse pamodzi n'kuuluka tonse pamodzi popanda chifukwa chooneka. Nkhwali inadutsa chapansipansi kutsidya. Pa nthambi youma panakhala mnthengu, wakuda bii, mchira wamphanda, ndipo msuweni anandinong'oneza kuti ameneyo ndi tambwali, amatha kuyeseza kulira kochenjeza kwa mbalame zina, anzake akabalalika n'kusiya chakudya iye amatola. Nantchengwa anabweranso, akuyenda m'mphepete mwa madzi akupalasa matope ndi phazi kusaka achule, chisa chake chachikulu chija cha timitengo chili pamphanda ya mtengo pafupi pomwepo. Agogo akanakhala moyo akanati tibwerere kunyumba, kwaipa.

Kenako kunamveka kulira kwa mawu okhuthala, kookookoo, m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, msuweni anangonditsina pabondo. Nkulukulu. Poyamba ndinkangoona chinthu chobiriwira chikuthamanga pa nthambi, kulumphira pa ina, koma itatambasula mapiko kuwoloka kadziweko, eeh, kufiira kwake mpaka ndinaiwala zoti ndili ndi foni m'manja. Mtundu wofiira umenewu si wamba, muli mkuwa weniweni mu nthengazo womwe imaupeza m'zipatso zomwe imadya, ndipo ku Eswatini nthenga zofiira za mbalame ya banja lomweli amavala kumutu ndi a kubanja lachifumu. Inamwa madzi kanthawi kochepa n'kubwerera m'masamba. Mnyamata uja anali atadziwa kale mtengo umene itulukire, nthawi yake, ndi nthambi imene iterepo. Zimenezi sanaphunzire m'buku ayi, ndi zaka zija za legeni. Chomwe akulimbana nacho panopa ndi mayina achingerezi, chifukwa alendo ena amabwera ndi mndandanda wawo, akufuna Boulder Chat, akufuna Stierling's Woodpecker, mbalame zomwe anthu amachita kukwerera ndege kudzaziona ku Dzalanyama. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, nde ntchito ilipo. Mlendo wina anamusiyira buku la zithunzi ndi zoonera patali, bukulo lachita kuda ndi manja.

Pobwerera tinamva nsadzu ikulongolola patsogolo pathu, kuuluka pang'ono n'kudikira. Iye amafuna tiitsatire ku njuchi, ine ndinati aise ndikufuna tiyi. Akuti ukafula uchi osaisiyirako malesa, tsiku lina idzakulondolera pa njoka.

Aanti anali atawiritsa kale mbatata ndi kachewere wa m'dimba mwawo, tiyi wa mkaka, madzi osamba ali pa mbaula. Kusamba m'bafa ya udzu ukuona phiri, nthunzi ikukwera, zinali bho.

Cha m'ma 10 tinayenda wapansi kupita ku Chentcherere, kudutsa cha ku Malawi College of Forestry and Wildlife. Anthu ambiri timangodutsa pa M1 osadziwa kuti m'mapiri amenewa muli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira, mizeremizere ndi zozungulira, ndi za Akafula omwe ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za makolo athu, zokhudza chinamwali ndi gule, zina ukangoziona umazindikira pompo kuti ichi ndi chilombo cha kudambwe. Chomwe chinandinyansa ndi anthu olemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo, wina mpaka dzina la chibwenzi chake. Ku Namzeze ndi ku Mphunzi, komwe kulinso zojambula, sitinafikeko, miyendo inakana.

Nkhani yeniyeni inabuka masana pa nsima. Malume anandifunsa, "Mphwanga, waona bwanji? Usandibisire." Ndisanayankhe n'komwe anayamba kufotokoza mapulani awo, akuti akagulitsa kachewere ku Lizulu achotsa udzu pa kanyumba kozungulira kaja aike malata, pansi matailosi, agule TV ndi dishi, mwinanso kajenereta. Akuti mlendo sungamugoneke m'nyumba yaudzu ngati ndiwe mphawi, anthu a m'mudzi akuseka kale. Msuweni anangoti "Adadi, mukatero ine kamsasa kaja ndikaphwasula," kkkk.

Ine ndikuwamvetsa malume. Anakulira m'nyumba yodontha, anagwira ntchito zaka zonsezo kuti athawe udzu, lero mwana wa mlongo wawo akuwauza kuti udzuwo ndiye chuma. Komabe ndinawauza mwaulemu kuti malume, munthu amene wasiya nyumba ya matailosi ku Area 47 sanabwere kudzafuna matailosi ena kuno, ndipo jenereta ikangolira kamodzi nkulukulu ija simudzaionanso. Denga la udzu lofolera bwino limasunga kutentha usiku, malata m'nyengo ino amachita kudontha mame m'bandakucha. Ndinawakumbutsa za ku Mua, komwe mishoni inayamba mu 1902 ndipo Bambo Claude Boucher anakhazikitsa KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, alendo amagona ku Namalikhate m'tinyumba tokongoletsedwa ndi zosemasema za kwathu konkuno ndipo amachita kutijambula zithunzi. Ku Dedza Pottery nakonso chimakoka anthu ndi dongo ndi phiri. Ndalama ikapezeka ipite ku matiresi abwino, mabulangete okhuthala, mphasa zokhomera mkati mwa zigwagwa kutseka mipata ija, kasola ka magetsi ndi kotchajira foni, komanso chimbudzi chaukhondo chokhala ndi chitseko chenicheni, chifukwa mlendo amakhululuka zambiri koma chimbudzi ayi.

Ndipo chachikulu si nyumba n'komwe, ndi mitengo. Tikuyenda m'mawa uja tinapeza zitsa zatsopano za misuku ndi mombo, pena pali pofukiza pomwe panali uvuni wa makala. Sindikuweruza wowotcha makalayo, makala ake timagula ndife omwe ku Lilongwe. Koma mitengo ya m'mbali mwa kamtsinje ija ikatha, kadziwe kaphwa, ndipo tinyumba ta malume tisanduka mosungira fetereza. Msuweni wayamba kale kulankhula ndi anyamata a malegeni, akuti amene wamuonetsa chisa chachilendo osachiphwasula amamugawirako kangachepe alendo akabwera. Atatu ayamba kumutsatira Loweruka lililonse.

Chinanso chimene ndinawauza ndi choti asamangodikira azungu. Ife a kuno tikapeza kandalama timangoganiza za Salima ndi Mangochi, nyimbo mokweza, kanyenya, pomwe Dedza ili makilomita 85 okha kuchokera ku Lilongwe, munthu ukhoza kunyamuka Lachisanu ukaweruka n'kubwerera Lamulungu. Aike mtengo woti mphunzitsi ndi banja lake akwanitse, ana asukulu nawonso azibwera.

Malume anakhala chete nthawi yaitali akutsuka m'manja, kenako anati, "Nde malata ndinalipira kale theka aja nditani nawo?" Aanti ali kukhitchini anangoyankha mokweza kuti khitchini yawo yakhala ikudontha chimangireni, asavutike n'kuganiza. Zathera pomwepo, malata apita kukhitchini, za TV akuti tikambirananso. Usiku uno ndasamukira m'kanyumba kaudzu kuti ndiwayankhe ndi umboni mawa.