Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene bambo anakana nsima

Ndabweranso abale, pepani ndinasowa, milandu inandipanikiza komanso mukudziwa kale za matenda a mayi. Zikomo nonse amene munafunsa ku inbox, akupezako bwino ndithu, ayambanso kukalipira adzukulu ndiye dziwani kuti achira kkkk. Mayi aja a ku Ntcheu amene simuphonya gawo lililonse, Ambuye akudalitseni, funso lanu lija loti mwana wa gadi wa ndende chinamukokera ku uloya ndi chani ndi limene ndiyankhe lero.

Mukukumbuka kuti bambo anali gadi pa ndende yaikulu ya Zomba, ija inamangidwa 1935, ndipo tinkakhala kumalayini. Kwathu za kuntchito sizinkakambidwa. Bambo akaweruka ankavula jombo pakhonde, ine ntchito yanga inali kuzipaka polishi ndi kabulashi kothothoka kale, mayi ali pambali akusita yunifolomu ndi simbi ya makala uku akuuzira phulusa kuti lisadetse kolala. Ukafunsa kuti kwayenda bwanji kuntchito, yankho linali limodzi, "Kwayenda." Basi.

Koma ana a kumalayini tinkadziwa kuti mkati muja muli mdala wina wosatchulidwa dzina, ndipo mkazi wake ali mbali ya azimayi. Tinkangoti loya uja. Dzina ndinalimva kwa agogo aamuna, aja ndinakuuzani kuti anali mesenjala ku maofesi a boma nthawi imene Zomba inali likulu. Anandiuzira kudimba kwawo mphepete mwa Likangala tikuthirira mpiru, atayamba ayang'ana uku ndi uku, chifukwa masiku amenewo dzina lokha linkatha kukutengera ku ndende ya Mikuyu.

Orton Chirwa, kwawo ku Nkhata Bay, munthu woyamba wa dziko lino kukaphunzira uloya ku London nkubwerako ali barrister, 1958. Azungu ataletsa Nyasaland African Congress mu Malichi 1959 nkukatsekera Kamuzu ku Gwelo, Orton ndi amene anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, Aleke Banda ali kamnyamata pambali pake, ndipo Kamuzu atatuluka mu Epulo 1960 anamusiyira utsogoleri. Apa agogo ankabwereza mpaka kukhazika pansi keni, kuti iwe, munthu kuyambitsa chipani yekha nkupatsa mnzake mpando. Titalandira ufulu 1964 Orton anali nduna ya zachilungamo komanso Attorney General, koma sipanathe miyezi itatu, Seputembala yemweyo nduna zinasemphana ndi Kamuzu pa nkhani ya tiki (kandalama ka mapeni atatu) yolipira kuchipatala, ubale ndi Apwitikizi, komanso kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi. Anachotsedwa pamodzi ndi Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, ena nkutula okha pansi. Agogo amati mu Zomba muno munali zibakera ndi zibonga pakati pa ogwira ntchito m'boma ndi ayufi (achinyamata a chipani), iwo anabisa njinga ya ku ofesi kukhitchini osatuluka. Orton anathawira ku Tanzania.

Agogo analekezera pomwepo, zotsalazi ndinazitolera ndili wamkulu. Pa 24 Disembala 1981 anagwidwa Orton, mkazi wake Vera ndi mwana wawo Fumbani chakumalire ndi Zambia, boma linkati analowa okha m'dziko pomwe eni ake ankati anachita kubedwa. Mlandu woukira boma unapita ku khoti la mafumu ku Blantyre komwe loya sankaloledwa kuyimira munthu. Tangoganizani abale, maloya awiri, wina nduna yakale ya zachilungamo, winayo mayi woyamba kukhala loya m'Malawi muno, kuweruzidwa m'bwalo lomwe mboni zawo zomwe sanaloledwe kuziitana. 1983 chigamulo chinali choti anyongedwe, 1984 mayiko akunja atafuula Kamuzu anasintha kuti akhale m'ndende moyo wonse. Ndi momwe anakhalira aneba athu, khoma lokha pakati.

Tsono 1992. Ndinali mnyamata wa kusekondale, ndevu zikuyamba. Kalata ya mabishopu inawerengedwa pa 8 Malichi, ana a ku Chanco (Chancellor College) anaguba mpaka koleji kutsekedwa, Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Bambo, munthu amene ankangomvera MBC, anayamba kutsekula BBC usiku wailesi ataiika pakhutu. Seputembala kunabwera maloya ochokera ku Britain kudzaona akaidi, ndipo ndi pomwe Orton ndi Vera anaonana koyamba patatha zaka 8, anthu ali m'ndende imodzi. Pa 20 Okutobala Orton anamwalira, ali ndi zaka 73.

Tsiku limenelo kunatentha kwambiri, nyenje zikulira mpaka madzulo. Mayi anaphika matemba a ku Chilwa othira tomato, ndiwo zomwe bambo sankazibweza ngakhale akudwala malungo. Anafika mochedwa, anakhala pampando wawo pakhonde, jombo osavula, chipewa chili pabondo. Mayi anabwera ndi beseni ya madzi nkugwada, bambo osatambasula manja. Mayi anakhalabe chogwada, ine ndikuona pa zenera, madzi aja akugwedezeka chifukwa manja anayamba kutopa. "Abambo, nsima izizira." Iwo anangoti, "Apatseni ana." Mayi sanafunse, anadzuka nkutichotsa tonse pakhomo, achemwali anga aja a ku Lilongwe anali kamwana ndiye anayamba kulira osadziwa chomwe akulirira, nsima ya bambo inakhala pa tebulo yovindikira mpaka inachita chikhungu pamwamba ndipo palibe mwana amene anaigwira ngakhale tinali anthu osakhuta.

Kutada ndinapita ndi kabulashi kanga kuti nditenge jombo. Anati, "Zisiye." Ndinaima pomwepo, kubwerera ndikuopa, kukhala ndikuopa. Patapita nthawi anayankhula osandiyang'ana, motsitsa moti ndinachita kuwerama, "Loya uja wapita." Aka kanali koyamba kumva bambo akutchula chinthu cha kuntchito kwawo. Kenako anandifunsa kuti kodi munthu amaphunzira zaka zingati kuti akhale loya, ine ndinati kaya, iwo anati, "Mawa ukafunse aphunzitsi." Anagona pampando pomwepo, mayi anawafunditsa chitenje usiku, m'mawa anasamba nkupita kuntchito ngati masiku onse.

Apa ndiime kaye ndiyankhe msuweni wanga uja wa ku Chinamwali amene analemba pa gawo 7 kuti bambo anga anali galu wa Kamuzu, nkufufuta pambuyo pake, ngati kuti kulibe screenshot. Achimwene, ndimakulemekezani ndinu aakulu, koma amene ankavala malaya ofiira nkuima pa geti ya msika wa Zomba kufunsa makadi a chipani ndi ndani? Amene anabweza azakhali anu enieni ndi dengu la tomato pamutu chifukwa analibe khadi ndi ndani? Bambo anga analowa ntchito ija ali ndi ana oti adye, inu uyufi munalowa mwaulere chifukwa chokonda kuopedwa, ndipo fizi yanu ya fomu 1 inachoka m'thumba la gadi yemweyo. Lero mwasanduka katswiri wa demokalase pa Facebook. Tisaputane.

Enanso mwakhala mukundilembera kuti ndinene kuti bambo ankamuzembetsera mdala uja chakudya kapena makalata, ayi, sindingapeke nkhani kuti ndipeze ma like. Mabungwe a za ufulu analemba kuti ankamangidwa maunyolo kumiyendo, kuti pomwalira maso ndi makutu zinali zitafooka kwambiri, ndipo bambo anga ankavala yunifolomu ya malo amenewo tsiku ndi tsiku. Ndakhala nazo zimenezi moyo wanga wonse. Bambo anapita kumanda osaonjezera liwu pa zomwe ananena pakhonde paja, ine sindinawakakamize, munthu amene wakhala chete zaka zonsezo sumamufunsa mafunso ngati ali mu bokosi la mboni.

Vera sanaloledwe kupita ku maliro a mwamuna wake, anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993. Pa 14 Juni kunali riferendamu, nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, bambo anavala malaya awo a kutchalitchi popita kukavota ndipo pobwera anagula Fanta wa nyumba yonse, chinthu chomwe chinkachitika pa Khirisimasi pokha. Makhoti a mafumu oweruza milandu ikuluikulu aja anathera momwemo. Ine ndinakhoza mayeso, Chanco inanditenga, ndinalowa law, ndinamaliza, ndinakwatira mayi a ana anga aja munawawerenga mu gawo 3, bambo anamwalira ataona gauni langa.

Gawo likubwerali ndi lomwe ambiri mukulidikira, momwe akuluakulu a chipani china anabwerera kunyumba ku Matawale ndi mbuzi kuti ndiyimire uphungu, ndi chifukwa chomwe mlamu wanga uja mpaka lero timangopatsana moni pamaliro. Mlamu, ngati mukuwerenga, ndilemba zonse, ndi za envelopu zomwe.