Lachitatu: madola 1,250 amene anasanduka dola imodzi

Ndafika kunyumba kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, kutada kale, koma mawu amene a bambo akawuntanti athu andiuza masana ano sakuchoka m'mutu mwanga, choncho ndaona kuti ndi bwino ndiwalembe ndisanagone.

Ntchito yanga pa kampani yathu ku Msasa ndi kuonetsetsa kuti pulogalamu yosungira mabuku a ndalama ikuwerenga molondola mafayilo a sitetimenti amene timatsitsa pa intaneti kuchokera ku mabanki. Ndili ndi foda ya mafayilo akale 22, onse ochotsedwa mayina ndi manambala a akaunti a makasitomala, ndipo fayilo iliyonse mwa amenewa inatipweteka tsiku lina m'njira yakeyake. Fayilo yatsopano ikabwera sindiilowetsa m'mabuku enieni nthawi yomweyo, ndimayamba ndaiyesa pa kope la pulogalamu limene silikhudza ndalama za munthu aliyense. M'mawa uno fayilo ya akaunti yathu ya madola a ku America, ya mtundu wa CSV umene makolamu ake amalekanitsidwa ndi mipatuliro, inalowa bwinobwino, pulogalamu n'kulemba uthenga wobiriwira woti zonse zatheka, koma nditaphatikiza ndalama zimene zinalipo poyamba ndi zolowa, n'kuchotsa zotuluka, chotsala sichinafanane ndi chimene banki inalemba kumapeto kwa sitetimenti.

Ndinatsegula fayiloyo mu Notepad, chifukwa Excel imakonza maonekedwe a manambala ndipo munthu saona zimene zalembedwadi, ndipo ndinapeza mzere wa kasitomala wina wa ku Graniteside amene analipira madola 1,250. Sabata yatha banki imeneyi inkalemba ndalama yotere kuti 1250.00, koma lero yalemba "1,250.00", ndi mpatuliro pakati ndiponso mitengero uku ndi uku. Kachigawo ka pulogalamu yathu kowerenga fayilo, kamene kanalembedwa ndi munthu amene anasiya ntchito ine ndisanabwere, kamawerenga nambala mpaka pamene kakumana ndi chizindikiro chimene sikakuchidziwa, n'kuima pomwepo. Motero madola 1,250 analowa ngati dola imodzi. Ndalama zonse zosafika 1,000 zinalowa zolondola, ndipo chimenechi ndicho chinandiopsa kwambiri, chifukwa munthu woyang'ana mizere yoyambirira mwachangu sakanaona cholakwika chilichonse.

Ndinapita kwa a bambo akawuntanti ndili wonyada pang'ono, sindikana. Iwo anabadwira ku Highfield, makolo awo anachokera ku Ntcheu m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo tikakhala awiri amandiyankhula m'Chichewa chodekha cha anthu akale, ngakhale kuti ndi ena onse mu ofesi amayankhula Chishona. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, chimene chagwira vutoli ndi chiyani, mafayilo anu 22 aja?"

Ndinavomera kuti si mafayilowo, popeza palibe ndi imodzi yomwe imene inali ndi mpatuliro m'kati mwa ndalama. Chimene chinaligwira ndi masamu ophatikiza ndi kuchotsa aja.

"Ndiye kuti mwaphunzitsa kompyuta ntchito ya cholembera changa chofiirachi," anatero uku akuchinyamula m'mwamba. "Zimenezo ndayamikira. Koma foda yanuyo imadziwa akuba amene anatibera kale basi, wa mawa simumudziwa nkhope."

Ndinayankha kuti, "A bambo, n'chifukwa chake masamuwo alipo, kuti kusintha kulikonse kuonekere pa chotsala." Apa ndi pamene anandigwira pakhosi, mwaulemu wawo womwewo. Anandifunsa chimene chingachitike banki itayamba kulemba mwezi patsogolo pa tsiku, kotero kuti 03/04, imene ife timawerenga kuti 3 Epulo, n'kukhala ikutanthauza 4 Malichi. Ndalama zonse zikhala zomwezo, chotsala chifanana mpaka pa senti, uthenga wanga wobiriwira uwala, koma malipiro agwera m'mwezi wolakwika, ndipo tidzazindikira pamene tikukonza mapepala a msonkho opita ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe, kapena kasitomala akadzadandaula kuti tikumulondalonda ngongole imene analipira kale. Anawonjezera kuti tsiku loposa 12 lingathe kudziulula lokha, popeza kulibe mwezi wa 13, koma masiku 12 oyambirira a mwezi uliwonse adzadutsa mwakachetechete.

Ndisanapeze yankho anatchulanso za IMTT, msonkho wa ndalama zotumizidwa pa makina umene unakwezedwa kukhala 2 peresenti mu Okutobala 2018. Pulogalamu yathu imazindikira mizere ya msonkhowu poona mawu amene banki yalemba pofotokoza mzerewo, n'kuiika ku akaunti yake yokhayokha. Banki ikangosintha mawuwo, kapena kuphatikiza msonkhowo ndi ndalama zimene imadula pa ntchito yake mu mzere umodzi, masamu anga adzafananabe, koma ndalamayo idzakhala itapita m'thumba lolakwika la m'mabuku. Ndinakhala chete, ndipo ndikulemba pano ndikumvabe kutentha kumene ndinamva m'makutu nthawi imeneyo. Chimene chikundiwawa si kuti anandigonjetsa ayi, koma kuti zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinasankha kusaziganizira chifukwa mayeso anga ankaoneka okwanira ndikawayang'ana pa sikirini.

Pofuna kudziwombola ndinanena kuti tipemphe banki izititumizira mtundu wina wa fayilo ya sitetimenti wotchedwa MT940 m'malo mwa CSV, chifukwa MT940 ili ndi malamulo a SWIFT, bungwe loyendetsa mauthenga a pakati pa mabanki a padziko lonse, amene banki singangowasintha mmene yafunira: ndalama zoyambira zimakhala pa mzere wa :60F:, malipiro aliwonse pa :61: ndi chilembo C kapena D chosonyeza ngati ndalama yalowa kapena yatuluka, chotsala pa :62F:, ndipo tsiku limalembedwa chaka, mwezi, kenako tsiku, popanda kukangana. Ndinatchulanso fayilo ina ya sitetimenti yotchedwa camt.053, ya muyezo wa mayiko onse wa ISO 20022, imene imaika chinthu chilichonse m'malo ake otchulidwa dzina. Iwo anavomera kuti nkhani ya masiku ingathere pomwepo, koma anandikumbutsa kuti mu MT940 mpatuliro womwewo umene watisautsa lero ndiwo umalekanitsa madola ndi masenti, kotero kuti 1250,00 ndi kulemba kolondola kumeneko, ndipo pulogalamu yowerenga mitundu yonse iwiri iyenera kudziwa kuti chizindikiro chimodzi chili ndi matanthauzo awiri. Komanso mzere wa :86:, umene umafotokoza za malipiro, banki iliyonse imaudzaza m'njira yake, ndipo mawu a IMTT aja amakhala momwemo. Sindinkadziwa kuti bamboyu amazidziwa zimenezi mozama chonchi, pakuti sindinawaonepo akutsegula fayilo yotere.

Kenako anayamba kukamba za Epulo 2024, ine ndisanalembedwe ntchito pa kampaniyi. Pa 5 Epulo bwanamkubwa wa Reserve Bank of Zimbabwe, a John Mushayavanhu, analengeza ndalama yatsopano ya ZiG, ndipo ndalama zonse za ZWL, dola yakale ya Zimbabwe, zimene zinali m'maakaunti zinasinthidwa pozigawa ndi 2498.7242. Nambala imeneyi amaitchula pamtima ngati nambala ya foni ya kunyumba. Anati fayilo yoyamba imene inabwera pambuyo pake inalibe chilema chilichonse, makolamu anali omwewo, mipumiro inali m'malo mwake, koma ndalama zoyambira sizinafanane ndi zotsala za sitetimenti yapitayo, ndipo pulogalamu sinkadziwa n'komwe kuti padziko pali ndalama yotchedwa ZiG, imene chizindikiro chake cha mayiko onse chinadzakhala ZWG. Anakhala masiku angapo akulinganiza mabuku pamanja, mzere ndi mzere, ndi cholembera chofiira chomwecho. "Mayeso anu akanakuwa, inde," anatero, "koma akanakuwa kuti banki yalakwitsa, pamene banki inali italondola."

Sindikugwirizana nawo pa zonse. Munthu mmodzi sangathe kuchonga mizere yonse ya maakaunti a madola, a ZiG ndi a EcoCash (ndalama za pa foni) tsiku lililonse, ndipo iwo eni ake amavomereza kuti maso awo satha kupirira monga kale. Vuto la lero akanalipeza pa mapeto a mwezi, patapita milungu itatu makasitomala 11 akuoneka ngati ali ndi ngongole imene alibe, pamene ine ndalipeza ndalama isanalowe m'mabuku. Zimenezi ndinazinena, ndipo iwo anangogwedeza mutu osatsutsa. Komabe ndikaganiza bwino, zonse zimene ndinkaziyesa mpaka lero zinkafunsa funso limodzi lokha, loti kodi manambala akukwana, pamene iwo akamachonga mzere amafunsanso ngati ndalamayo ili ya munthu woyenera, m'mwezi woyenera ndiponso mu ndalama ya mtundu woyenera.

Madzulo ndinakonza kachigawo kowerenga manambala kaja, ndinaika fayilo ya lero mu foda kukhala ya nambala 23, ndipo ndinalemba mayeso atsopano awiri: oyamba amakana fayilo ngati mayina kapena chiwerengero cha makolamu chasiyana ndi cha fayilo yapitayo, achiwiri amakana fayilo ngati muli tsiku limene lili kunja kwa nyengo imene tinapempha sitetimentiyo. Za IMTT ndaganiza zoti pulogalamu izidandaula ikapeza ndalama zotuluka zambiri popanda mzere ndi umodzi womwe wa msonkho, koma pali malipiro ena amene salipiritsidwa msonkhowu, ndipo ndikuopa kuti ikamadandaula tsiku ndi tsiku anthu adzazolowera kungodina batani osawerenga. M'kombi (minibasi) yobwerera kuno ndinayesa kuiganizira nkhaniyi mbali zonse, osapeza polekera.

Pamene ndimatseka laputopu mu ofesi ndinapeza cholembera chofiira chija pa desiki yanga, pambali pa kiyibodi. Sindikudziwa ngati anachiiwala pamene anabwera kudzaona mzere wa ku Graniteside uja, kapena anachisiya dala. Chili m'thumba la malaya anga, ndipo sindinaganizebe ngati mawa ndichibweze.