Lachinayi: tsiku la mawu othera ndi -ibility

Lero kalasi ya Fomu 4 yokonzekera mayeso a MSCE yathera tsiku lonse pa banja limodzi la mawu a Chingerezi, mawu ataliatali othera ndi zilembo 7 izi: -ibility. Kum'mawa tinayamba ndi lembetso, pa bolodi palibe kanthu. Ophunzira amangomva n'kulemba: impossibility, illegibility, ineligibility, irresponsibility, inaccessibility, indivisibility, incomprehensibility.

Pochonga zinaoneka kuti incomprehensibility, mawu a zilembo 19, sanapunthwitse anthu ngati illegibility omwe ali ndi zilembo 12 zokha. Zolakwika zinaunjikana malo amodzi, polumikizira zidutswa za mawuwo. Choncho ntchito ya m'mawa inali yowadula ngati nzimbe, m'mfundo mwake. Umayambira kumapeto, kuchotsa -ibility yense. Kachidutswa kameneka kamanena za kutheka kwa chinthu. Kenako umachotsa chakumayambiriro, chomwe m'mawu onsewa n'chokana. Chotsala pakati ndiye tsinde, ndipo tanthauzo lagona pamenepo. Indivisibility ndi in, divis, ibility. Divis ndi yemwe uja wa mu division ya masamu, ndiye mawu onsewo ndi kusagawika. Muli i kokwana 6, ndipo wowerenga chilembo chimodzichimodzi amasokonezeka ndithu. Wowerenga m'zidutswa sasowa: mmodzi koyamba, awiri pa tsinde, atatu kumapeto. Incomprehensibility ndi in, comprehens, ibility, tsinde lake lomwe lija la comprehension ya papepala la mayeso, tanthauzo n'kukhala kusamvetsetseka.

Pa chidutswa chokanachi tinachedwapo, chifukwa chimasintha maonekedwe potengera chilembo chotsatira. Chikakumana ndi p, b kapena m, in- amasanduka im-: impossibility, imperceptibility, imbalance. Ndi nkhani ya milomo chabe. Kuti utchule p milomo iyenera kutsekeka, ndiye n amathawira ku m. Chichewa chimachitanso zomwezo, n'chifukwa chake timati nthochi ndi nkhuku koma mbuzi ndi mphasa. Chikakumana ndi l chimakhala il-, chikakumana ndi r chimakhala ir-. Apa ndi pomwe pamachokera zilembo ziwiriziwiri zija: il ndi legibility, ir ndi responsibility, ir ndi reversibility. Wolemba iresponsibility wameza chilembo cha chidutswa chimodzi. Wolemba inneligibility naye waonjeza chosafunika, poti tsinde elig limayamba ndi e, ndiye n ndi mmodzi basi.

Vuto lalikulu la tsikuli linali l ndi r, ndipo lili ndi gwero lodziwika. Kalembedwe ka Chichewa kamafuna r pambuyo pa e ndi i, l pambuyo pa a, o ndi u: kulira, kulera, kulola. Dzanja lozolowera lamuloli likafika pa -ibility limaona i kutsogolo kwa l, n'kulemba lokha responsibirity. Likafika pa eligible limalemba erigible. M'makope ena munapezekanso irregible, amene ndi illegible wovala r kawiri. Njira yomwe inagwira ntchito ndi kulemba -bil- ndi choko chachikuda pa mawu aliwonse, kuti diso lizolowere kuti m'banja lonseli mchira ulibe r ngakhale mmodzi.

Illegible ndi ineligible ndi mawu ofunika kuwasiyanitsa msanga, asanalowe m'kalata yofunsira ntchito. Illegible amanena zolemba zoti munthu sangathe kuziwerenga, monga zolembedwa mothamanga kapena zofufutika ndi madzi. Eligible ndi munthu woyenera, wokwaniritsa zofunika. Ineligible ndi wosayenera. Wolemba kuti I am illegible for this post wadzitcha chilembo chosaoneka bwino, ndipo wolandira kalatayo samuimbira foni kudzamufunsa chomwe amatanthauza.

Titabwerako ku nkhomaliro tinalowa funso lomwe limasautsa ngakhale eni chilankhulo: ndi -ibility kapena -ability? Khutu silithandiza, chifukwa potchula a ndi i wa pamenepo amamveka chimodzimodzi. Kusiyanaku kunachokera ku magulu a aneni a Chilatini, koma wophunzira safunika Chilatini. Pali mayeso atatu, ndipo ayesedwe motsatana.

Oyamba: chotsa mchira, uone ngati chotsalacho ndi mawu a Chingerezi oima paokha. Account, avail, sustain, depend ndi mawu athunthu, ndiye accountability, availability, sustainability, dependability. Poss, vis, elig, feas si mawu, ndiye possibility, visibility, eligibility, feasibility. Lamuloli limathandiza kawirikawiri koma lili ndi mabowo. Access ndi flex ndi mawu oima paokha, komabe timalemba accessibility ndi flexibility. Prob ndi inevit si mawu, koma ndi probability ndi inevitability.

Achiwiri ndi odalirika kuposa oyambawa: funa m'bale wa mawuwo. M'bale akathera ndi -ation, lemba a: irritation ndi irritability, application ndi applicability. Akathera ndi -sion kapena -ssion, lemba i: division, comprehension, admission ndi permission amabala divisibility, comprehensibility, admissibility ndi permissibility. Othera ndi -ction ndi osakhulupirika. Destruction amapereka destructible pomwe prediction amapereka predictable, ndiye amenewo ndi ofunika mtanthauziramawu.

Achitatu ndi a c ndi g. Zikamveka zofewa, monga mu invincible, legible ndi eligible, chotsatira ndi i. Zikamveka zolimba, monga mu applicable ndi navigable, ndi a. Pomwe mawu akufuna -able koma c kapena g ndi wofewa, e amatsala kuti ateteze kufewako: noticeable, changeable, manageable.

Panatulukanso cholakwika china chaching'ono koma chofala, possiblity ndi responsiblity. Wophunzira amatenga possible n'kungomata -ity. Chimene chimachitika n'chakuti -ble amatseguka kukhala -bil-, ndiye i wapakatiyo sayenera kusowa. Pochulukitsa, y amasanduka -ies: possibilities, responsibilities, mpaka incomprehensibilities a zilembo 21.

Msampha wa in- tinausungira dala madzulo. Si in- aliyense wokana. Inflammable satanthauza chosayaka. Ndi chinthu chogwira moto msanga, chimodzimodzi flammable, ndipo chosayakacho ndi non-flammable. Kwa wogwira ntchito ndi petulo kapena parafini kumeneku si kusewera ndi galamala ayi. Invaluable nayenso ndi chinthu chamtengo wosaneneka, osati chachabechabe. Palinso mawu omwe mfotokozi wake amayamba ndi un- koma dzina lake ndi in-: unable ndi inability, unstable ndi instability. Ena amasunga un- mpaka kumapeto, monga unavailability ndi unreliability. Amenewa ndi ongoloweza.

Mawuwa sayenda okha, ndiye tinawaika m'magulu momwe amapezekera. Feasibility study ndi kafukufuku woona ngati ntchito, monga kumanga mlatho kapena damu, ingatheke ndalama zisanatuluke. Eligibility criteria ndi zoyenereza zomwe zimalembedwa pa zotsatsa ntchito ndi maphunziro. Inadmissibility of evidence ndi pamene khoti likana kulandira umboni wina. Diminished responsibility inalowa m'malamulo a ku England mu Homicide Act ya 1957. Wopha munthu maganizo ake atasokonezeka kwambiri amaweruzidwa mlandu wocheperapo wa manslaughter m'malo mwa murder. Rh incompatibility ndi kusagwirizana kwa magazi a mayi wa Rh-negative ndi mwana wam'mimba wa Rh-positive. Papal infallibility ndi chiphunzitso cha mpingo wa Katolika chomwe chinakhazikitsidwa pa msonkhano woyamba wa Vatican mu 1870, choti Papa salakwitsa akamalengeza mwaudindo wake nkhani ya chikhulupiriro kapena chikhalidwe.

Tinatsiriza ndi katchulidwe. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho lilime limafuna kunena responsibi-LII-ty. Chingerezi chimatsindika phatikizo lomwe lili pafupi ndi -ity chakumbuyo kwake, kutanthauza BIL nthawi zonse: responsi-BIL-ity, possi-BIL-ity, availa-BIL-ity. Kutsindikaku kumasamuka mawu akatalika, poti responsible amatsindika SPON, possible amatsindika POS. Ophunzira amaomba m'manja kamodzi pa BIL uku akutchula, ndipo mawu a maphatikizo 8 ngati incomprehensibility anayamba kutuluka osakodwa pakhosi akayambira kumchira: bility, sibility, hensibility, mpaka kufika kumutu.

Ntchito yakunyumba ndi mawu asanu oti adule m'zidutswa, apeze m'bale wake, alembe tanthauzo: incorruptibility, insusceptibility, irreversibility, unaccountability ndi inadmissibility. Mawa ndi -cian, -sion ndi -tion.