Kusema nsagwada ya hatchi: ya zaka 3 yayamba kuoneka

Nsagwada yachiwiri yatuluka m'chipika cha jakaranda sabata ino, ngakhale mano sindinayambe kuwalekanitsa. Kwa inu amene simunaone zam'mbuyomu, ndimasamalira mahatchi pa khola lina kufupi ndi Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, ndipo ndikaweruka ndimasema. Ndikufuna nsagwada zam'munsi zitatu: ya hatchi ya zaka 3, ya zaka za m'ma 10, ndi ya nkhalamba yodutsa zaka 25. Yapakatiyo inatha kale, ndinasema poonera chigaza chimene dokotala wa mano a mahatchi anandibwereka. Ya kamwanayi fupa lake ndilibe, ndiye ndikudalira zithunzi za ekisire ndi zala zanga pa hatchi yamoyo.

Kapangidwe kake mwachidule: ndi mafupa awiri, lakumanja ndi lakumanzere, amene amalumikizana kutsogolo hatchi ikadali yaing'ono kwambiri n'kukhala fupa limodzi. Kutsogoloko kuli mano 6 odulira udzu. Kenako pali mpata wopanda mano, pamene pamakhala chitsulo cha m'kamwa. Ukadutsa mpatawo pamabwera mano otafunira, 6 mbali iliyonse, ndipo kumbuyo fupa limatambasuka, kukwera m'mwamba n'kuthera pa mfundo yolumikizira kuchigaza pafupi ndi khutu, ndi kansonga kopyapyala kutsogolo kwake kogwirira mnofu. Zimenezi zinali zosavuta, tchizulo ndi tupa basi.

Pamene ndathera nthawi ndi m'mphepete mwa pansi, chifukwa msinkhu wa hatchi uli pamenepo. Dzino lotafunira la hatchi yaing'ono ndi lalitali, limafika masentimita 7 kapena 8, koma chooneka m'kamwa ndi kamutu chabe. Lonselo lili m'kati mwa fupa, ndipo limatuluka pang'onopang'ono, mamilimita 2 kapena 3 pachaka, kulowa m'malo mwa lomwe laperepeseka ndi udzu. Choncho nsagwada ya hatchi yaing'ono ndi thumba lodzaza mano: pansi pake ndi ponenepa, pobulungira. Ya nkhalamba mano atha, atsala timizu, ndipo m'mphepetemo mumakhala mopyapyala, mwakuthwa ndithu ukapitsa chala.

Pa zaka 3 pamawonjezerekanso timabampu. Mano atatu oyambirira otafunira amayamba ali a mkaka, ndipo amagwa pa zaka ziwiri ndi theka, zaka 3, ndi pafupifupi zaka 4. Pamene dzino lachikulu likukankha la mkaka kuchokera pansi, fupa la kumizu limatupa, ndipo pansi pa nsagwada pamaoneka zotupa zolimba, mbali zonse ziwiri mofanana. Wosadziwa amathamangira kuitana dokotala, koma nthawi zambiri sizipweteka ndipo zimaphwa zokha. Tili ndi kahatchi kakakazi ka mtundu wa Thoroughbred kamene kali nazo pakalipano. Ndikamakapesa ndimayendetsa zala kuchokera kuchibwano kubwerera m'mbuyo: fupa losalala, kenako kukwera pang'ono, kutsika, kukweranso. Si zotupa zozungulira ayi, n'zotalika motsatira fupa, ndipo zimayamba mosadziwika bwino. Pa mtengo ndazisiya zokulirapo dala kuti sandipepa akazichepetse yekha.

Chifukwa cha msinkhu womwewo, mano a nsagwada iyi sakwana 6 mbali iliyonse. Lomaliza kumbuyo limatuluka pakati pa zaka zitatu ndi theka ndi zinayi, ndiye ndisema 5 okha, lachitatu likadali ndi dzino la mkaka pamwamba pake ngati chipewa. Kutsogolo, awiri apakati ndi achikulu kale, otakata ndi achikasu pang'ono, pomwe anayi otsalawo ndi a mkaka, ang'onoang'ono, oyera, okhala ndi kakhosi pafupi ndi nkhama. Mano osongoka a mumpata muja sindiika. Amatuluka pa zaka 4 kapena 5, ndipo makamaka ndi a mahatchi aamuna.

Kumbuyo kwa timabampu, fupa lisanayambe kutambasuka, pali kamphako kosazama. Aliyense wa m'khola amakadziwa ngakhale sanaonepo chigaza, chifukwa ndi pamene timagwira pomva kugunda kwa mtima: mtsempha wa magazi umadutsa pamenepo kukwera kumaso, ndipo hatchi yopuma imagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi. Zosema zambiri za mahatchi zimene ndimaona m'misika kamphakoka palibe, ndipo kwa ine nkhope yotero imaoneka ya chidole.

China chimene maso sakhulupirira mpaka utayeza: nsagwada yam'munsi ndi yopapatiza kuposa yam'mwamba, ndi pafupifupi kotala. Hatchi imatafuna mbali imodzi pa nthawi, nsagwada ikuyenda chopingasa, ndiye mano apansi samatha mwafulati. Amapendekera, kutalika kumbali ya lilime, ndipo kumeneko ndi kumene kumatuluka nsonga zakuthwa zimene dokotala amapala ndi tupa. Kupendekeka kumeneku ndakulemba ndi pensulo, ndikusema sabata yamawa.

Wina anafunsa kuti ndi nsagwada ya mtundu wanji wa hatchi, ndipo funsolo ndi labwino, chifukwa zimasiyana zedi. Ya Arab ndi yaifupi, tsaya lake lozama ndi lozungulira, ndipo mzere wa mano umakhota kukwera m'mwamba chakumbuyo kuposa mitundu yambiri. Ya Thoroughbred ndi yaitali, yowongoka. Ya Percheron ndi chinsagwada, cholemera paliponse. Pa timahatchi tating'ono kwambiri tija mano sachepa molingana ndi fupa, amapanikizana, ndipo kawirikawiri nsagwada yapansi imapitirira yam'mwamba. Ogula mahatchi amalowetsa chibakera pakati pa masaya kumbali ya kukhosi kuti aone ngati pali malo okwanira oti hatchi ipinde mutu bwino. Zanga zonse zitatu ndi za Thoroughbred, kuti kusiyana kukhale kwa msinkhu kokha.

Ya nkhalamba ndayamba kale kuiganizira, makamaka dzino loyamba lotafunira, limene limakhudzana ndi chitsulo hatchi ikamachiluma. Akatswiri ofukula zakale David Anthony ndi Dorcas Brown anayeza kudyeka kwa ngodya yakutsogolo ya dzino limeneli pa mahatchi a ku Botai, ku Kazakhstan, a cha m'ma 3500 BC, n'kunena kuti ena ankamangidwa zingwe m'kamwa. Akatswiri ena atsutsa, ponena kuti kudyeka kotero kumapezekanso pa mahatchi akutchire, ndipo mu 2018 kuyeza kwa DNA kunasonyeza kuti a ku Botai si makolo a mahatchi athuwa, koma a mahatchi akutchire a mtundu wa Przewalski. Pa yanga ndidzadula ngodyayo mamilimita 3, monga mwa hatchi imene yakwereka moyo wake wonse. Mano ake akutsogolo adzaloza kutsogolo kwambiri, ndipo pamwamba pake padzakhala pa makona atatu.

Vuto ndi mtengo. Jakaranda ndi wofewa, ndipo m'mphepete mopyapyala mwa nkhalamba mukhoza kubenthuka. Ndikufunafuna chidutswa chouma bwino cha mlombwa, kuno amati kiaat, chotalika masentimita 50 ndi kunenepa 20. Amene ali nacho cha ku Midrand kapena Tembisa andiuze mtengo wake.