Masamu a chigayo cha kopaletivi ya ku Santhe

Lolemba mu ofesi ya ngongole pa Kasungu boma ndi tsiku la anthu obwera ndi mapepala a kwina kudzayerekeza. Mayi wina wogulitsa kaunjika adayala awiri patebulo, onse olembedwa 3 peresenti pamwezi, pa ngongole ya K1,200,000 yobweza miyezi 12. "Achimwene, nanga akusiyana pati?" Loyamba limawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse imene mudatenga, ngakhale mwabwezako kale: K36,000 kuchulukitsa ndi 12, K432,000. Lachiwiri limawerengera pa yotsala yokha. Mukamabweza K100,000 pamwezi, mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K36,000, wachiwiri K33,000, kumatsika choncho mpaka K3,000 mwezi womaliza, zonse pamodzi K234,000. Mapepala ofanana pamaso, koma akusiyana ndi K198,000.

Ntchito yeniyeni ya sabata idali pempho la kopaletivi ina ya kufupi ndi Santhe, yofuna K20 miliyoni yogulira chigayo cha magetsi. Alembi awo adabwera ndi kope la ana asukulu lojambulidwa mizere ndi rula, zolowa ndi inki yabuluu, zotuluka ndi yofiira. Akachotsa zolipira zonse, chigayo chizisiya K8 miliyoni pachaka. Pa zaka 4 ndi K32 miliyoni, ndiye pansi adalemba kuti phindu ndi K12 miliyoni ndipo mpamba ubwerera pa zaka ziwiri ndi theka. Kuwonkhetsa sadalakwe. Vuto ndi loti adaphatikiza kwacha ya chaka chino ndi kwacha ya zaka zakutsogolo ngati ndi ndalama imodzi.

Aliyense amene adali ndi ndalama m'thumba mu Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti sizili choncho. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki ena, kufika pa 26 peresenti, ndipo wobwereka wamba amalipira kuposa pamenepo. Tidatenga 30 peresenti pachaka ngati mtengo wa ndalama ya kopaletiviyi, nkubweza ndalama ya chaka chilichonse ku mtengo wa lero. Ya chaka choyamba mumagawa ndi 1.3, mupeza K6.15 miliyoni. Yachiwiri ndi 1.69, yomwe ndi 1.3 kuchulukitsa ndi 1.3, mupeza K4.73 miliyoni. Yachitatu ndi 2.197, K3.64 miliyoni, yachinayi ndi 2.856, K2.80 miliyoni. Zonse ndi pafupifupi K17.3 miliyoni, pomwe chigayo chikudya K20 miliyoni lero. NPV yake, kutanthauza mtengo wa lero wa zotsala zonse mukachotsapo mpamba, ili pansi pa ziro ndi K2.7 miliyoni. Ngakhale mutati pakutha pa zaka 4 chigayocho chigulitsidwa K6 miliyoni, ndalamayo lero ndi K2.1 miliyoni basi, dzenje silikwiririka.

Apa ndi pamene ogwira ntchito atsopano amatseka fayilo msanga, ndipo amalakwitsanso. M'kati mwa 30 peresenti ija muli kukwera mitengo kwa zinthu, pomwe K8 miliyoni ya alembi yaima pamodzimodzi zaka zonse 4, ngati mtengo wogayitsa sudzasintha. Mbali zonse ziwiri ziyende limodzi. Lachiwiri masana tidakweza zotsala za chigayo ndi 20 peresenti pachaka: 8, 9.6, 11.52 ndi 13.82 miliyoni. Zikabwezedwa ku lero zimakwana K21.9 miliyoni, NPV nkukhala pamwamba ndi K1.9 miliyoni. Chigayo chomwecho, yankho latembenuka. Ndiye funso silili pa Excel, pulogalamu ya masamu ya pakompyuta, ayi, lili kumudzi: kodi amayi a kumeneko adzalola mtengo wa ndowa kukwera chaka ndi chaka, kapena adzasenza chimanga kupita ku chigayo cha dizilo cha pamsika wapafupi? (Chenjezo kwa ogwiritsa Excel: fomula ya NPV imaona nambala yoyamba ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, choncho K20 miliyoni ya lero muichotse panokha, musaiphatikize m'kati.)

Lachitatu lidapita ku ngongole za feteleza, alimi 200, aliyense K500,000, zonse K100 miliyoni. Komiti yathu ya ngongole imafuna kudziwa ndalama yoika padera yotsekera omwe alephere. Manambala omwe tidagwiritsa ntchito ndi ongoyerekeza a mu ofesi: chaka cha mvula yabwino alimi 5 pa 100 alionse salipira, chaka cha ng'amba 40 pa 100, ndipo ng'amba imagwa chaka chimodzi pa zaka 5. Ndiye 0.8, mwayi wa mvula yabwino, kuchulukitsa ndi 5 ndi 4, 0.2, mwayi wa ng'amba, kuchulukitsa ndi 40 ndi 8, pamodzi 12 pa 100. Ngati theka la ngongole yolephereka limabwera kudzera m'chikole ndi masheya a gulu, chotayika choyembekezeka ndi K6 miliyoni.

Koma chaka chotaya K6 miliyoni sichidzabwera. Padzakhala chaka chotaya K2.5 miliyoni, kapena chotaya K20 miliyoni. Nambala ya pakatiyo imathandiza poika mtengo wa chiwongoladzanja, osati podziwa ngati ofesi ipulumuka chaka choipa ngati cha El Niño, pamene mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala.

Cholakwika china chimabisala pa mboni za ngongole. Wina amati mwayi woti mlimi alephere ndi 1 pa 10, wa womuimirira ndi 1 pa 10, choncho woti onse awiri alephere ndi 1 pa 100. Kuchulukitsa kotereku kumagwira ngati tsoka la mmodzi silikhudza mnzake. Anthu awiri olima minda yoyandikana, odikira mtambo umodzi, otumiza fodya wawo ku msika womwewo wa Chinkhoma, amagwera limodzi. Mboni yabwino ya mlimi ndi mphunzitsi wa pa malipiro a pamwezi kapena wa golosale, osati mlamu wake wolima naye dimba.

Masamu omwewo amakhudza chigayo. Mwayi woti zaka 4 zidutse popanda ng'amba ndi 0.8 kuchulukitsa yokha kanayi, 0.41. Kutanthauza kuti pa 100 pali mwayi 59 woti chaka chimodzi, mwina kuposa, chimanga chogayitsa chidzachepa ngongole isadathe. M'kope la alembi munalibe chaka choterocho.

Lachinayi lidali lachidule. Tidabwerera ku chigayo chija. Kugayitsa ndowa imodzi K1,000; magetsi, sefa zong'ambika ndi hamala zotha zimadya K400; yotsala K600. Malipiro a ogayitsa awiri ndi mlonda K300,000 pamwezi, ndiye ndowa 500 zoyamba zimangolipira anthuwo. Kuti K8 miliyoni ikwane pachaka pafunika ndowa pafupifupi 1,610 pamwezi, 62 patsiku ngati chigayo chalira masiku 26. Magetsi akavuta nkutsala masiku 18, zifika 90 patsiku. Ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, anthu amabwera ndi tizibaketi.

Lachisanu a tcheya a kopaletivi adabwera ndi asungichuma awo. "Bambo, ndiye mwatikana?" Komiti sidakane, sidavomerenso. Idapempha kuti abweretse mitengo yogayitsira ya zigayo zoyandikana nazo ya zaka 3 zapitazi, aime pa chimodzi mwa izo awerenge ndowa zolowa tsiku la msika ndi tsiku wamba, ndipo akonze kubweza kwa ngongole kuti kuchuluke kuyambira Meyi mpaka Seputembala, kuchepe miyezi ya njala. Fayilo ibwereranso ku komiti mwezi wamawa.