Kachitsulo kofiira pokwera kuchoka ku Mzuzu

Amene anaphunzirira kuulutsa ndege kumabwalo otsika amabwera kuno dzanja litazolowera kale: ponyamuka throttle (yowonjezera mphamvu ya injini) mkati, mixture (kachitsulo kofiira kowonjezera kapena kuchepetsa mafuta olowa mu injini) mkati, zonse mpaka kumapeto. Ine ndimawagwira dzanja. Bwalo lathu lili pamtunda wopitirira mafiti 4,000, pomwe buku la ndege ya Cessna 172 likuti ukapyola mafiti 3,000 uchepetseko mafuta olowa mu injini usananyamuke. Ndiye kukhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mpweya umapepukiratu.

Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mafiti 1,000 aliwonse. Ukaithira mafuta ambiri mpweya uli wochepa, zimakhala ngati mbaula yodzaza makala koma yotseka mabowo: utsi wokhawokha. Mapulagi amada, injini imatsokomola, msewu wa ndege nkumatha, ndipo wathuwu ndi waufupi, nyumba zili pafupi.

Ndimatere ine. Ndaponda mabuleki, throttle yonse mkati, ndimakoka kachitsulo kofiira pang'onopang'ono mpaka RPM (liwiro la kuzungulira kwa injini) ifike pachimake, kenako nkukabwezako pang'ono. Kubwezako ndiye nkhani. Pokwera injini imagwira ntchito yakalavulagaga pomwe mphepo yoiziziritsa ili yochepa, choncho timafuta totsalirato ndi timene timateteza masilinda. Wofuna kupulumutsa avgas (mafuta a ndege) pokwera adzalipira kwa makaniko, ndipo sadzaseka.

Ndikalunjika ku Nyika, komwe phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600, ulendo wambiri umakhala wokwera basi. Throttle sindiikhudza. Ndimangokoka mixture pang'ono ndikakwera mafiti 1,000 ena, maso pa geji. Masilinda akamayandikira 400°F sindithamangira kuwonjezera mafuta. Ndimayamba ndatsitsa mphuno ya ndege kuti liwiro lifike ma knot 80 kapena 85. Kukwera kumachedwa, koma injini imapuma, komanso kutsogolo kumaoneka. Pamwamba pa Viphya mitambo imabwera mosagogoda.

Matanki onse awiri amakhala otsekula, carb heat (yolowetsa mpweya wotentha wosungunula ayezi mu kabuleta) yotseka chifukwa mpweya wotentha umadya mphamvu. Koma m'mawa wa Juni wa nkhungu ija, RPM ikayamba kutsika yokha, carb heat ndimayatsa mosazengereza.

Chimene ambiri amaiwala nchobwerera. Ukamatsikira kunyanja, ku Likoma kapena ku Karonga, mpweya umalemera, ndiye kachitsulo kaja kazibwerera mkati pang'onopang'ono, kuti ukalephera kutera nkufuna kukweranso, injini iyankhe.