Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Corolla yomwe inkazima ikatentha

M'gawo lapitali ndinalekeza pomwe amalume anandipatsa makiyi a Corolla yawo kuti ndiziyendetsa ngati takisi mu Lilongwe, ndalama tizigawana pakutha pa sabata. Inali ya mtundu wa AE100, yoyera, ya injini ya 5A-FE, imodzi mwa galimoto zija zobwera kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Inafika m'manja mwanga itakalamba kale, koma injini inkalira bwino ndipo sinkadya oyilo.

Chinali chaka cha 2011. Amene munali kumudzi kuno mukukumbukira: mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, tinkagona pamzere pa malo omwetsera mafuta. Ambirife tinkagula petulo wa m'zigubu kwa mavenda osadziwa kuti athiramo chiyani. Choncho galimoto iliyonse ikavuta, mlandu unkagwera mafuta basi.

Vuto linayamba dzuwa la Okutobala litafika pachimake. M'mawa galimoto inkalira kamodzin'kamodzi. Koma injini ikatentha, makamaka ndikaima nthawi yaitali pamzere kenako n'kunyamuka, inkangozima. Osatsokomola, osafooka, kungoti zii ngati wina wapotokola kiyi. Sitata inkazungulira mwamphamvu, magetsi a pa dashibodi akuyaka onse, injini osalira. Ndikakhala pambali pa msewu kwa kanthawi boneti ili yotsegula, inkaliranso bwinobwino.

Tsiku lina ndinanyamula mayi wina wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Titangodutsa Kanengo, galimoto zii. Mayiwo sanakalipe. Anayang'ana wotchi, anatsitsa okha masutikesi, n'kuimitsa galimoto ina. Anandisiyira theka la ndalama, ndipo ndinailandira ndi manyazi aakulu. Kasitomala wotere sakuimbiranso foni, ndipo anzake amawauza.

Ku magalaja ndinapitako. Chovuta n'chakuti pofika kumeneko galimoto inkakhala ilibe vuto lililonse. Wina anasintha fyuluta ya mafuta, wina anatsitsa thanki n'kuitsuka. Wina anandipeza pamsewu itazima, anamasula pulagi, anaona kuti ndi youma, n'kugamula kuti pampu ya mafuta yafa. Tinagula pampu. Sindinena kuti anthu amenewa anali akuba, ayi, koma aliyense ankathamangira sipanala asanandifunse n'komwe mmene galimotoyo imazimira. Ndalama zonsezi zinkachoka pa gawo la amalume, mpaka tsiku lina anandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi galimotoyi ikuvutadi, kapena ndalama zikulowera kwina?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa za ku Kanengo zija.

Mnzanga wina wa pa renki ndiye anandilozera kwa madala ena okonza magetsi a galimoto ku Biwi. Iwo sanatsegule boneti. Anandikhazika pa benchi n'kuyamba mafunso. Imazima itazizira kapena itatentha? Imayamba yadukizadukiza kapena imangoduka? Mvula ikagwa imasintha? Anandifotokozera kuti mafuta akamaperewera injini imayamba yafooka kaye, pomwe moto ukaduka imazima nthawi yomweyo. Kenako anafunsa: "Batire analichotsapo?" Ndinati eya, makaniko aliyense ankayamba ndi kumasula teminolo. Anapukusa mutu. Kompyuta ya galimoto zimenezi imasunga nambala ya vuto lomwe yaona, koma ukachotsa batire kapena fyuzi ya EFI, yomwe imapereka magetsi ku kompyutayo, zonse zimafufutika. Umboni unkatayika tsiku lililonse lomwe galimoto inkalowa m'galaja.

"Tiye tikayende nayo mpaka izime," anatero. Anatenga mita yoyezera magetsi, pulagi yakale, kachidutswa ka waya, sanza ndi botolo la madzi. Tinalowa mu M1 kulowera cha ku Nathenje masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo tisanafike patali inachita zake.

Madalawo anatsika msangamsanga injini isanazizire. Anazula waya umodzi wa pulagi, anaikako pulagi yakale ija, anaigunditsa pa chitsulo cha injini n'kundiuza kuti ndilize. Moto kunalibe ngakhale pang'ono. Kenako anatsegula kabokosi kakuda kolembedwa DIAGNOSIS komwe kali mu boneti. Ndi kawaya kaja analumikiza timabowo tolembedwa +B ndi FP, topereka magetsi ku pampu ya mafuta, ndipo tinamva pampu ikung'ung'uza kumbuyo, kutanthauza kuti kumafuta kulibe mlandu. Anasuntha kawaya kaja n'kulumikiza timabowo ta TE1 ndi E1, tomwe timachititsa kompyuta kuonetsa nambala ya vuto, ine ndinatembenuza kiyi kufika pa ON osaliza. Getsi la check engine linaphethira kamodzi, linapuma, kenako kanayi.

"Fotini," anatero. Nambala 14 imatanthauza kuti kompyuta ikulamula kuti moto utuluke koma siikulandira yankho loti watulukadi. Ndipo ikapanda kulandira yankho limenelo, imatseka dala mafuta ku ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini, kuti petulo asadzaze m'masilinda. Apa m'pamene ndinamvetsa za pulagi youma ija. Makaniko uja anaona zoona, kungoti anatanthauzira molakwika, ndipo pampu yomwe tinachotsa iyenera kuti inali yabwinobwino.

Ananyowetsa sanza ija n'kuikulunga pa distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi. Pasanapite nthawi anati ndiyese, ndipo galimoto inalira.

Titabwerera ku Biwi anamasula distributor, atayamba aika chizindikiro pomwe inakhalira. Pa injini imeneyi koyilo ndi igniter, zomwe zimapanga moto wa mapulagi, zili m'kati mwa distributor momwemo, ndipo distributor imamangidwa pa hedi, ndiye kutentha konse kwa injini kumafikako. M'kati munalinso oyilo wolowa chifukwa silo yotchinga oyilo inali itatha. Koyilo ataiyeza itazizira, mita inawerenga bwino. Anapita nayo kwa mayi wina amene ankaotcha chimanga pafupi, anaiyandikiza pa mbaula mawaya a mita ali chilumikizire, tonse maso ali pa manambala. Itatentha, manambala anayamba kudumphadumpha, kenako mita inaonetsa kuti njira yaduka. Kawaya kam'kati kanali kothyoka: kakazizira mbali ziwirizo zinkagundana, kakatentha zinkatalikirana.

Yatsopano sinkapezeka m'mashopu chifukwa cha vuto la ndalama zakunja lija. Tinagula distributor yogwiritsidwapo kale ntchito, yochotsa pa injini ina, ndipo madalawo anakana kuti ndilipire mpaka nayonso ataiwotha pa mbaula n'kuiyeza. Ataimanga anatchera timing, nthawi yomwe moto umatulukira ku mapulagi, pa madigiri 10, TE1 ndi E1 zili zolumikiza monga mmene zimafunikira. Asanatseke boneti anamasulanso waya wa eti wochoka pa injini kupita ku bodi, womwe unali utachita dzimbiri, n'kuupala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinawala.

Koyilo yakufayo ndinapita nayo kwa amalume. Anaitembenuzatembenuza m'manja, sanaone chilichonse cholakwika, ndiye Loweruka lotsatira anapita okha ku Biwi kuti akaone za pa mbaula zija ndi maso awo. Pochoka kumeneko anapempha madalawo kuti ndizipitako Loweruka lililonse masana kukaphunzira ntchito, ndipo iwo anavomera pokhapokha nditagula mita yangayanga. Mmene ndinapezera ndalama ya mita imeneyo ndifotokoza m'gawo 10.